Ng'ona ya Kumtunda

Wambani ng'oma, anyamata. Sonkhezani moto wa mapesi, muyandikize chikopa kuti chikungike. Mpanje uyambe pansipansi, gu, gu, gu, ngati mtima wa mayi amene wangotula mtolo pakhomo. Mbalule idikire kaye, nthawi yake ikubwera. Amayi a ku Mpondasi, konzani nthungululu. Abambo a ku Malindi ndi ku Makawa, a ku Nkope ndi ku Msaka, kokerani mabwato pamchenga, ukonde uziuma wokha. A ku Namwera tsikani phiri, a kwa Makanjira tsatani gombe, a ku Chembe dzerani ku Monkey Bay, tikumane pano pamene mtsinje wa Shire ukutsanzikana ndi nyanja kupita ku Malombe. Mponda, Jalasi ndi Nankumba ali nawo owatamanda, ndipo ulemu wawo tapereka kale. Bwalo la lero ndi la nkhalamba yachitsulo imene imagona m'thumba la saka kuseri kwa chitseko, imene oipanga amati chainsaw, ife timati tchenisowo, ana a kwathu amangoti makina a amalume.

Gu, gu, gu. Tulukani m'thumba, Che Manoambiri.

Ng'ona ya kumtunda, msuweni wa ng'ona za mu Shire. Izo zimabisala padooko kudikira mbuzi, inu mumakwera njinga kukapeza nyama yanu kumene yaima. Chimwapetulo. Chilavulautuchi. Tambala wachitsulo, amene mumadikira kuti kumzikiti amalize kuitana, kenako mukatsokomola kawiri mudzi wonse udziwa kuti kwacha. Mwera wa m'manja, namondwe wonyamulika paphewa. Mlamu wake wa nkhwangwa, amene munalowa m'banja mochedwa koma lero mumasamba m'manja poyamba. Nkhalamba ya chipewa chonga papaya wakupsa ndi thupi lotuwa ngati phulusa la dzulo, inu amene utoto unasupuka pachogwirira chifukwa cha thukuta la amuna atatu, woyamba wa iwo anagona kalekale. Che Sindinathe. Che Ndikadalipo.

Inu sakudzutsani ndi mawu. Amakukhazikani pansi posalala, phazi lamanja kuponda chogwirira cha kumbuyo, dzanja lamanzere kukanikiza cha kutsogolo, mpweya atautseka, kenako chingwe. Koyamba mumangoti phu, ngati agogo okana kudzuka. Kachiwiri phu, phu. Kachitatu phewa la munthu layamba kuwawa, ana aima patali atatseka makutu, agalu alowa pansi pa nkhokwe. Ndiye mwadzidzidzi, vuuu! Utsi wobiriwira tolotolo, nkhuku balala, nkhwazi ya pamgwalangwa yasiyira nyimbo yake pakati. Ombani m'manja, amayi, nkhalamba yadzuka.

Mbalule ilowe tsopano, tiki, tiki, tiki, tinene za mtundu wanu, pakuti mlendo satamandidwa kwawo kusanadziwike.

Ndinu mdzukulu wa madokotala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, John Aitken ndi James Jeffray a ku Scotland anali ndi katcheni ka mano kodulira fupa la munthu, ndipo mu 1830 Bernhard Heine wa ku Würzburg anakazunguliza pa kachitsulo n'kuikapo chopukusira cha dzanja. Munabadwira pambali pa odwala, Che Manoambiri, magazi munawadziwa musanalawe utomoni. Dzina la mdzukulu wa madokotala tilisunge, tilifuna kutsogoloku.

Mwana wa Andreas Stihl wa ku Stuttgart, amene mu 1926 anakupatsani mphamvu ya magetsi muli chimphona chofuna amuna awiri kuchinyamula. Mwana wa Emil Lerp wa ku Hamburg, amene mu 1927 anakumwetsani petulo nakakuyesani pa phiri la Dolmar, dzina la phirilo n'kusanduka dzina la fuko lanu lina. Koma mano anu, Che, mano anu ndi a mphutsi. Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon, anakhala pansi kuyang'ana mphutsi ikuboola chitsa, naona mmene nsagwada zake zokhota zimasinthanirana, ina kuluma uku, ina kuluma uko, ndipo pofika 1947 anali atayamba kusula tcheni yoluma motero ku Portland. Mpaka lero dzino lina limayang'ana kumanja, lotsatira kumanzere. Che Mphutsiyachitsulo, aphunzitsi anu ndi ochepa ngati chala, inu mumagoneka mbawa.

Mu 1949 McCulloch anakupeputsani mpaka makilogalamu 11 kuti munthu mmodzi akukwanitseni. Mu 1959 kunabadwa Contra wa kwa Stihl, ndipo chaka chomwecho Husqvarna wa ku Sweden, nyumba imene inayamba mu 1689 ndi kusula mfuti, anatulutsa wake woyamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 munabadwa inu eni bwalo lino, Stihl 070, ziro-seveni-ziro, wa chifuwa cha 106 cc, wolira mokhuthala ngati mpanje, wosathamanga koma wosabwerera m'mbuyo. Ku Ulaya anakupumitsani kalekale. Kuno mukadali pa ntchito.

Nanga munafika bwanji kuno kwa migwalangwa? Ena a inu munabwera ndi maesiteti a fodya a kumtunda kwa Namwera kudzadula nkhuni za m'mabalani, ntchito itatha n'kutsala m'manja mwa kapitawo. Ena munakwera ngolo ya basi yochokera ku Joni, pakati pa mabulangete ndi mafiriji a anyamata athu, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, mpaka Mwanza. Ena munalowera pa Chiponde kuchokera ku Mandimba mutakulungidwa m'chitenje. Lero kwadza ana ochokera ku China ovala chipewa chonga chanu, otsika mtengo, ndipo nawonso akudyetsa mabanja, sindiwanyoza. Koma amalume akagogoda chitsulo chawo ndi sipanala, n'kugogoda chanu, khutu lawo limasankha inu. Che Ndinadutsamalire, mlendo amene munasanduka mwini mudzi.

Tsitsani ng'oma pang'ono, tilowe m'kachipinda ka amalume.

M'menemo muli asanu ndi awiri. Atatu amalira, anayi anagona, koma ogonawo sanatayidwe. Amalume akamva kuti kwinakwake kuli tchenisowo yakufa, kaya ku Malembo, kaya kwa Chimwala, kaya kutsidya ku Lungwena, amapalasa njinga kukaiona, amasinthanitsa ndi nkhuku zingapo kapena mbuzi, nabwera nayo mwaulemu ngati akuperekeza m'bale. Pakhomo amaiyala pamkeka, kuimasula nati ndi nati, chilichonse m'chitini chakechake. Uyu apereka kabuleta, uyo apereka koyilo, winayo pisitoni ndi maring'i ake, ndipo amene akulira lero kumunda ali ndi mtima wa mmodzi, mapapo a wina, nthiti za wachitatu. Che Mudziwathunthu, inu amene mukayenda, abale anu ogona amayenda nanu. Ku Germany ndi ku America kuli anthu osonkhanitsa makina akale otere, kuwapukuta mpaka kung'anima, kuwandandalika pamashelefu kuti alendo aziona, ndipo n'zabwino kuti mbiri isungike. Kwathu timasonkhanitsa chifukwa sitolo ya sipeya ili kutali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo nkhuni za pamaliro sizidikira basi.

Sing'anga wanu ali padooko. Makaniko amene amatsegula injini za maboti a chilimira ndi yemwe amamva chifuwa chanu, pakuti inu ndi Yamaha wa kumbuyo kwa boti ndinu a bere limodzi, nonse mumamwa petulo wosakaniza ndi oilo. Akale ngati inu munazolowera muyezo umodzi wa oilo pa miyezo 25 ya petulo, oilo wa masiku ano amalola umodzi pa 50. Woumira oilo pofuna kusunga kwacha amawotcha pisitoni tsiku limodzi, nalira mwezi wathunthu. Chingwe chikaduka, cha ukonde chilowa m'malo. Paipi ya mafuta ikang'ambika, ya njinga yamoto ya kabaza ikwanira. Pulagi amaiyang'ana ngati diso la mwana wodwala: ikafiirira muli bwino, ikada ndi mwaye mwamwa mafuta ambiri, ikayera mbee thimitsani msanga, nkhalamba ikupsa m'kati.

Ndipo madzulo, tupa. Iyi ndiyo nthawi imene ndimakonda kukuonani. Amalume atakhala pachipika, inu muli pamiyendo pawo ngati mwana wometedwa, tupa yozungulira ikuyenda kwe, kwe, kwe, katatu pa dzino lililonse, osawonjezera, osachepetsa, kuti tcheni isamakokere mbali imodzi. Nthawi imeneyo salankhula ndi munthu, ngakhale nsima izizire. Tcheni yakuthwa imataya tizibenthu tonga makoko a mtedza, yobuntha imataya ufa ndi fungo la kupsa. Mchenga wa kuno ndiye mdani wanu wamkulu. Mwera umaukankhira m'makungwa a mitengo ya m'gombe, dzino likangoukhudza latha, n'chifukwa chake amalume amayamba asenda khungwa ndi chikwanje pamene muti mudutse, ndipo salola mphuno yanu kugunda dothi. Mitengo mumaidziwa ndi kukoma kwake. Tsanya amakulizani mano, koma moto wake umagona mpaka mawa. Mtengo wa mango ngwofatsa. Bulugamu amang'aluka mowongoka, malayina amapsa msanga ngati udzu. Mgwalangwa umakutsamwitsani ndi ulusi wake. Mlambe simuufuna n'komwe, m'kati mwake ndi chinkhupule chonyowa chosayaka, ndipo ndi mwayi wa milambe ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay kuti inabadwa yosakukomerani.

Mpanje ubwerenso, gu, gu, gu, titchule amene anasenza inu musanafike.

Gombe lino linayamba kudya nkhuni zambiri kalekale. Sitima ya Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu 1875 ikupuma utsi wa nkhuni. Guendolen, imene mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ya 1903 pa boma la Mangochi, inkayenda ndi nkhuni. Chauncy Maples, imene inalumikizidwa kwa Mponda n'kuyandama mu 1901, inkaima m'madooko kupakira milu ya zipika. Zonsezo zinagwa ndi nkhwangwa, zinafika pagombe pamapewa ndi pamitu ya makolo athu, ndipo mayina awo sanalembedwe pa chipilala chilichonse. Ng'oma iyi ndi yawonso.

Ndi ya amayi anga, amene ankadzuka nthanda isanazime, nkhata m'manja, nkhwangwa paphewa, kukwera phiri ndi anzawo, kubwera dzuwa lili paliwombo, khosi litalowa m'mapewa. Mtengo wa mango wogwa ndi mphepo unkawatengera sabata kuuwaza, pena n'kuusiya chifukwa tsinde lakana nkhwangwa, chiswe n'kulidya iwo akuona. Inu tsinde lomwelo mumaliduladula nyemba za pamoto zisanapse. Mpumulitsakhosi. Mtulamtolo. Che Mayiakhalepansi. Nthungululu apa, amayi, musaumire, pakuti dzina ili analikhetsera thukuta.

Onani amene amadya m'manja mwanu. Owamba mlamba ndi kampango pa mauvuni a ku Msaka ndi ku Malembo kuti nsomba ifike ku Limbe ndi ku Lilongwe isanawole. Ofutsa usipa asanauyanike pathandala. Okazinga utaka ndi mandasi, ophika mpunga wa pa Eid ndi wa pa Khirisimasi, ophika phala la ana kusukulu, owotcha njerwa. Pamaliro, pamene moto uyenera kuyaka usiku wonse kuti anamfedwa asakhale mumdima, amatuma mwana kukaitana amalume, ndipo pamenepo salipiritsa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, mitengo itagona pamisewu ndi pamadenga, anatsegula njira ndani? Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'makomo a m'gombe, mitengo yofooka mizu anaitsitsa ndani isanagwere ana? Mtsegulanjira. Che Woitanidwausiku. Mnzawo wa amasiye.

Tsopano mbalule ikhale chete. Mpanje wokha, pang'onopang'ono. Wotamanda amene amabisa mayina owawa ndi wonyengerera, ndipo ine sindinabwere kudzakunyengererani.

Che Opandamaso. Munabadwa buleki ya tcheni isanafale, ndipo mphuno yanu ikagunda mfundo mumalumpha kubwerera kwa mwini wanu munthu asanaphethire. Ndinaona ndi maso anga. Msuweni wanga, mnyamata wamphamvu, atavala kabudula ndi patapata, ankadula nthambi imene inali pamwamba kuposa phewa lake. Tinamunyamula pachitseko mpaka kumsewu, chitenje cha azakhali chitafiira psuu, ndipo lero dzanja lake lamanzere silikweza nkhafi, kunyanja anasiya. Amalume khutu limodzi linagontha, zala zawo zimachita dzanzi nyengo ya mwera ikafika. Mdzukulu wa madokotala, fupa la munthu simunaliiwale. Anyamata, mverani pamene ng'oma yatsika: nsapato zolimba, buluku lokhuthala, chotseka m'makutu, osadula chili pamwamba pa phewa, osagwira chingwe mutalawa kachasu, osapita kutchire nokha.

Che Mmetaphiri. Dzina ili ndilitchula ndi chisoni. Yang'anani ku Namizimu. Yang'anani ku Phirilongwe, kumene njovu zoposa 80 zinasamutsidwa mu 2009 kupita ku Majete chifukwa minda ya anthu ndi njira za njovu zinali zitalowana. Mapiri amene ndili mwana anali akuda bii ndi mombo ndi msuku lero akuonetsa nthiti. Mlandu si wanu nokha, nkhwangwa ya makala ndi khasu la munda watsopano zili ndi gawo lawo. Koma mbawa imene inkafuna amuna awiri ndi macheka a padzenje kwa masiku, inu mumaigoneka ndudu isanathe, ndipo usiku timamva kulira kwanu m'nkhalango zimene lamulo linatseka. Mlombwa ukadulidwa umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo ndaona mano anu atafiira nawo. Phiri likavulidwa, mvula imatsika ndi dothi lake, Lungwena ndi timitsinje tina n'kusanza matope m'nyanja, matopewo n'kukwirira mchenga umene chambo chachimuna chimakumbapo chisa choitanira chachikazi. Wodula mbawa kumtunda akudula ndiwo ya mwana wake padooko. A ku Malombe akuudziwa kale ululu wa nyanja yosowa chambo. Kumeneko nkacha ndi khoka ndizo zinatsogola, koma ife tisathire matope pabala limenelo.

Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limati wodula m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ayankhe mlandu, ndipo zida zake zikhoza kulandidwa. Nkhalango ya Mangochi kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi African Parks limodzi ndi paki ya Liwonde. Nkhalamba imene yapirira zaka zoposa 40, yodutsa malire a mayiko, isakathere kupolisi itaunjikidwa pakona pamodzi ndi njinga za makala, ikudyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha matabwa a usiku umodzi.

Gwirani ng'oma iyi, anyamata, muimve ndi chikhatho. Ndi mtengo. Unaima penapake zaka zambiri, mbalame zinagonamo, wosema anaugwetsa, naufukula m'kati, nauveka chikopa kuti ulankhule. Bwato lili pamchengalo ndi mtengo, nkhafi ndi mtengo, thandala, mpini, mtondo wosinjira, ngakhale chitseko chimene tinanyamulira msuweni wanga. Osema mabwato akuyenda mtunda wotalikirapo chaka ndi chaka kufuna tsinde lokwanira. Tsinde lokwanira mpanje likadzasowa, Che Manoambiri, adzakuimbirani ndi chiyani? Beni adzavinira chigubu? Manganje a ana otuluka kundagala adzalirira pandowa?

Dzina lomaliza ndilipereka kwa dzanja logwira. Amalume, maso a nkhalambayi ndinu. Ndimakulemekezani chifukwa ndakuonani mukubweza ndalama ya munthu wofuna mbawa ya kumtsinje. Ndakuonani mukuyamba mwapita kwa amfumu ndi kwa a komiti ya zachilengedwe musanadule ngakhale mthethe wa m'malire. Ndakuonani mukudula bulugamu pansi mopendeketsa kuti chitsa chisasunge madzi, chiphukenso. Kuseri kwa kachipinda ka makina asanu ndi awiri kuli timachubu ta mbande za nsangu, kesha ndi mbawa, tothiriridwa ndi madzi otsukira mbale, todikira nyengo yobzala imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Maso a Ng'ona. Che Odulaakubzala. Mbalule ibwerere, nthungululu zikwere, dzina limenelo limveke mpaka kutsidya.

Inu nonse osunga ng'ona m'thumba la saka, kuyambira kwa Makanjira mpaka kwa Nankumba, idyetseni mtengo wogwa, mtengo wouma, mtengo umene munabzala nokha. Mpanje ugunde komaliza, gu. Kuseri kwa mzikiti kwagwa mtengo wa mango, nkhuni zake n'zokwanira makomo anayi. Nolani tcheni usiku uno, amalume, mawa tilawirire komweko, ndipo mbawa ya kumtsinje muisiye iime.